Kathengo ka Mkati mwa Waya

"Ndafunsa kachitatu tsopano, amake Titho. Jombo zanga zili kuti?"

Fainala anapitiriza kupukuta pakamwa pa mwana ngati sanamve. Tithokoze anali atamaliza kale phala lake, pakamwa panali poyera, koma manja a mayi ake amafuna chochita.

"Mwayang'ana pansi pa bedi?"

"Pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, m'chigafa, ngakhale m'khola la nkhuku ndasuzumiramo. Jombo siziyenda zokha."

Petros anaima pakhomo wopanda kanthu kuphazi, atavala ovolosi yatsopano ya ku zoni, malo a kampani ya fodya otchingidwa ndi waya. Dzuwa linali litakwera kale pamwamba pa mitengo ya bulugama ya pa esiteti yakale.

"Belu la ku zoni lilira seveni," anatero. "Wochedwa tsiku loyamba amabwerera pa geti. Mukufuna tidye chiyani chaka chino? Kuponi imodzi ija tagawana ndi achimwene? Theka la thumba la feteleza lidyetsa nyumba ino?"

"Ntchito ina iliyonse, bambo a Titho. Kunyamula simenti, kusesa, kulondera. Koma osati yolambula ija."

"Ntchito ndimasankha ine? Kapitawo wati gulu lathu liyambire kumtunda, lizitsika mpaka ku dambo, kuti katapila ikamabwera ipeze zitsa zokhazokha. Pamenepo amangapo shedi yaikulu ya fodya."

"Mpaka ku dambo."

"Ee, mpaka ku dambo."

"Pamodzi ndi kathengo ka zitimbe kaja."

"Kathengo kaja kali ndi chiyani? Nkhuni zake zofuka utsi zija? Ngati ndi nkhuni ndizikubweretserani pa njinga."

Fainala anayang'ana pansi. Mawu anali atafika pakhosi, monga anafikira tsiku lina lija, ndipo monga tsiku lijalo anakakamira pomwepo.

Apongozi ake, a Lefina, anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula keni yothirira nazale. Nyumba yawo inali yoyandikana ndi ya mwana wawo, ndipo panalibe mkangano womwe unkawadutsa.

"Mupatseni jombo zake, amake Titho. Zili mu nkhokwe, ndinakuonani mukuziponya." Anatsitsa keni pansi. "Ndipo mumuuze. Mukapanda kutero ndimuuza ine, ngakhale si zoti mayi n'kuuza mwana wake wamwamuna."

"Andiuze chiyani?"

Fainala anakweza Tithokoze n'kumuika pamiyendo, kuti pakhale china pakati pa iye ndi maso a mwamuna wake.

"Mwana uja ali m'menemo."

"Mwana uti?"

Petros anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mayi ake, kenaka nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, ndipo anakhala pansi pa chiwundo cha khonde.

Chaka chathacho, m'nyengo yozizira, Fainala anabereka mwana wamwamuna amene sanalire. Mwana wotere amatchedwa nthayo. Sapita kumanda a anthu onse, salira maliro ake, ndipo amuna safunsa. Amayi akuluakulu amamukulunga m'kansalu n'kupita naye okha kumalo kwawo, kumene amakumba kadzenje kosaya, kuti njira ya mayi wake isatsekeke. Petros anauzidwa liwu limodzi lokha, lakuti zalephereka, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka madzulo.

"Ine ndimayesa munapita naye kumanda," anatero tsopano. "Chakumbali kwake, kapena kumapeto."

"Amuna mumayesa zambiri," anayankha a Lefina.

"Muli ana angati m'menemo?"

"Chibwerereni kuchokera ku Dedza kudzagwira utenanti kuno? Ndinasiya kuwerenga. Mlongo wako amene anakupondera pamutu ali momwemo. Wa amake Dorika alimo awiri."

Petros anatembenukira kwa mkazi wake. Ulemu wa m'mawa uja unali utatha.

"Nanga tsiku loyeza malo lija? Iwe unalipo. Ndiwe unkamasulira. Mzungu uja anafunsa za manda, ndinamva ndi makutu angawa. Unati chiyani?"

Belu la ku zoni linalira koyamba, lochenjeza. Petros anadzuka, anakwera pa nkhokwe, anatulutsa jombo zake, anazigogoda kuti mugwe nankafumbwe, n'kuzivala. Anachoka osatsanzika.

Tsiku loyeza malolo Fainala ankalikumbukira lonse, mpaka fungo la penti yofiira imene ankapaka pa zikhomo. Munali mu Novembala. Esiteti imene makolo a Petros analimapo fodya wa bale kwa zaka makumi awiri inali itagulidwa ndi kampani yakunja, ndipo boma linailola kutsegulapo zoni, malo okonzera fodya wopita kunja osalipira misonkho. Mabanja a matenanti akale anasiyiridwa kamalo m'mphepete. Anthu oyeza malo anabwera tsiku limene feteleza wa makuponi anafika pa msika, ndiye amayi onse a pamudzi anali atalawirira kukaima pa mzere. Anatsala amuna. Anatsalanso Fainala, chifukwa thupi linali lisanabwerere bwino.

Anamuitana chifukwa ndiye anafika Fomu 3 ku Nkhamenya. Anayenda kumbuyo kwa amuna khumi ndi awiri, pakati pawo pali alamu ake aakulu a Mphepo, amene anali wapampando wa komiti. Atafika pa kathengo ka zitimbe, mzungu wa chipewa chachikulu anaima n'kufunsa ngati pali manda paliponse m'derali. Fainala anamasulira funsolo. Amuna onse analoza kumtunda, kumanda aakulu, kunja kwa zikhomo. A Mphepo anati, "Muwauze kuti kuno kulibe. Ili ndi tchire chabe."

Anali ataima mayadi osakwana makumi awiri kuchokera pa chitimbe cha nthambi ziwiri, chimene apongozi ake anamulozera ndi mlomo tsiku lina akuchokera kotola nkhuni. Anayang'ana alamu ake. Anayang'ana mwamuna wake. Anaganiza za mmene angatchulire nkhani ya uchembere pamaso pa amuna khumi ndi awiri ndi mzungu, iye mtengwa wa dzulodzulo. Anaganiza kuti mwina waya sudzafika kumeneko, kuti mwina amayi akabwera adzanena okha. Ndiye anauza mzunguyo m'Chingerezi chake chabwino chija kuti palibe.

Waya unafika mu Malichi.

Lachitatu la sabata imene Petros anayamba ntchito, Fainala ndi a Lefina anapita ku geti la zoni. Fainala anabereka Tithokoze ndipo anavala bulauzi yake ya kutchalitchi. Geti linali lachitsulo, lalitali kuposa denga la nyumba yawo. Pambali pake panali kanyumba ka zenera limodzi, ndipo pazenerapo panali Geoffrey, kalaliki wa pa geti, amene Fainala anaphunzira naye ku pulayimale ku Kapelula.

"Fainala wa Chingerezi," anatero Geoffrey akumwetulira. "Wabwera kudzafuna ntchito? Amayi tilemba mu Epulo, fodya akayamba kulowa."

"Tikufuna kuonana ndi abwana."

"Abwana ali ku Lilongwe. Abwana a abwanawo ali kutsidya kwa nyanja zazikulu. Pano ndilipo ndine. Nenani."

Fainala anayang'ana mlonda amene anaima pafupi, ndi anyamata awiri okankha wilibala. Koma ulendo uno anatseka maso n'kulankhula.

"M'kathengo ka ku dambo muli manda a ana. A nthayo. Mwana wanga ali momwemo."

Kumwetulira kwa Geoffrey kunazima. Anachotsa cholembera kukhutu n'kuchiika pa tebulo.

"Pepani, mlongo. Sindimadziwa."

"Palibe mwamuna amadziwa," anatero a Lefina. "Tsopano mwadziwa. Kauzeni a katapila akhote."

"Amayi, zinthu sizili choncho. Mapulani anajambulidwa kunja. Ine ndingalembe m'buku la alendo kuti munabwera, basi."

"Ndiye tipita kupolisi."

"Pitani, koma ndikuuzeni zoona kuti musataye nsapato. Muno ndi mu zoni. Mkati mwa waya umu muli ngati kunja kwa dziko. Fodya akangolowa pa geti ili, pa pepala ndiye kuti wachoka kale m'Malawi. Malamulo a kunja kuno amathera pa waya."

A Lefina anasuzumira pakati pa zitsulo za geti. Mkatimo munali minda yomwe analimamo ali mtsikana, ndi chulu chimene ankapumirapo.

"Ati kunja kwa dziko. Nkhuku zanga zimalowa pansi pa wayayu tsiku ndi tsiku, zili ndi pasipoti?"

Mlonda uja anaseka, kenaka anadzigwira.

"Nanga mvula ikamagwa mkatimo ndi ya dziko liti? Iwe Geoffrey, mayi ako ndimawadziwa, amagulitsa tomato pa Kapelula. Ukalowa m'kanyumba ako m'mawa umasanduka mzungu, madzulo n'kukhalanso mwana wawo?"

"Amayi, ine ndimangonena zomwe anatiuza."

"Chabwino. Ngati katapila singakhote, tiloleni amayi anayi tilowe ndi kansalu. Titapeko dothi la pamalopo, tikaliike kwina mwamwambo. Mwana amatsata dothi lake. Sititenga ola limodzi."

Geoffrey anapukusa mutu, ndipo zimaoneka kuti zikumupweteka.

"Wosalembedwa ntchito salowa. Ndipo palibe chotuluka muno popanda chidindo cha a kasitomu. Ngakhale msomali wopindika. Sabata yatha wina anachotsedwa ntchito chifukwa cha thumba lopanda kanthu la simenti."

"Dothi la agogo athu likufuna chidindo."

"Si la agogo anu, amayi," anatero Geoffrey motsitsa mawu. "Inu ndi a ku Dedza. Mukapita ku ofesi akakuuzaninso zomwezo. Ndikungokuchenjezani."

Pobwerera a Lefina anatsogola mpaka pa mjigo. Pamenepo anaima n'kunena, osamuyang'ana mpongozi wawo, "Ife tinakumba kosaya dala, kuti mudzaonenso wina. Tsopano akufuna kuthirapo konkire."

"Amayi, zimenezo a nesi anati sizigwirizana."

"A nesi anati. Nanga chaka chatha ndi miyezi itatu, mwaona chiyani?"

Fainala ankadziwa zimene mabuku amanena. Anakhoza bwino sayansi ku sukulu. Komabe kuyambira tsiku limenelo ankadzipeza atagwira pamimba akamamva kulira kwa makina kuchokera ku zoni.

Ku yuniti ya polisi yapafupi anapita yekha. Wapolisi amene anamupeza anamvetsera bwino, anamupatsa mpando, anamufunsa dzina la mwana wa kumbuyo. Kenaka anati iwo mu zoni amalowa pokhapokha eni ake akawaitana, ndipo nkhani za mkatimo ndi za akuluakulu. Atamufunsa ngati lamulo limatero, wapolisiyo anakanda m'mutu.

"Kunena zoona, mayi, pepala lake sindinalionepo. Koma tonse timadziwa choncho."

Kunyumba, iye ndi Petros ankalankhulana za mchere ndi sopo basi. Petros ankabwera madzulo manja ali ndi matuza, n'kukhala pa khonde kuyang'ana kumene kunali dambo. Tsiku lina, akuvula jombo, ananena ngati akulankhula ndi jombozo.

"Tafika pa mzere wa bulugama. Kwatsala masabata awiri."

"Simungawauze anzanu achedweko?"

"Tikuchedwa kale. Nkhwangwa zathu zikubuntha kawiri pa tsiku, kapitawo akudabwa. Ndinawauza anzanga. Ena anakafunsa akazi awo, anabwera m'mawa maso ali pansi." Anaika jombozo pambali. "Achimwene a Mphepo akuti tisaitenge patali. Akuti kampani ikakwiya ichotsa onse a pamudzi pano, ilembe a kwina. Akutinso iwo anasaina zimene anamva kwa womasulira."

"Iwo ndi amene anati kulibe."

"Iwo samadziwa. Iwe umadziwa."

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamulowa kwambiri.

Lolemba lotsatira Fainala anagulitsa tambala, anasiya Tithokoze kwa apongozi, anakwera kabaza mpaka pa msewu, kenaka minibasi ya ku Kasungu boma. Analowa maofesi atatu. Yoyamba inamutumiza ku yachiwiri, yachiwiri inati bwana ali ku maliro. Mu yachitatu, kumapeto kwa khonde lalitali, anapeza mayi wa magalasi, dzina lake Modester, akudya chinangwa chophika pa tebulo lodzaza mafayilo.

Mayi Modester anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Fainala atafika pa mawu a Geoffrey, mayiyo anaika chinangwa pansi.

"Anati chiyani? Kunja kwa dziko?"

"Anati malamulo amathera pa waya."

"Bodza limeneli latitopetsa. Mverani, mayi. Dothi lija ndi la Malawi, kuyambira pa udzu mpaka pamene pali madzi. Waya uja ndi wa misonkho basi. Katundu wawo salipira msonkho polowa ndi potuluka, nkhani yathera pomwepo. Munthu akaba mkatimo amangidwa ndi polisi yathu. Akafukula manda ayankha kukhoti lathu."

Fainala anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni pamutu.

"Ndiye mungawaletse?"

Mayi Modester anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndanena zimene lamulo likunena. Tsopano ndikuuzeni zimene zimachitika. Anthu akangomva kuti zoni, aliyense amavula chipewa. Mlonda amaopa kalaliki, wapolisi amaopa geti, ife timaopa foni yochokera ku likulu. Pangano limene anasainirana ndi akuluakulu likuti pakabuka mkangano waukulu pakati pa kampani ndi boma, akaweruze anthu a kunja, kudziko lina. Ndiye palibe amafuna kukhala woyambitsa mkanganowo. Lamulo lilipo, koma limafika pa geti n'kuyamba kugogoda ngati mlendo."

Anavalanso magalasi, anadzuka, anafufuza m'kabati, n'kutulutsa fayilo yobiriwira. Anatsegula masamba angapo, kenaka chala chake chinaima.

"Vuto lina ndi ili. Asanaike waya pamakhala fomu. Funso lachisanu ndi chiwiri: kodi pamalopa pali manda kapena malo a mwambo? Yankho: palibe. Asaina wapampando, adinda zala anthu khumi ndi mmodzi." Anatembenuza fayilo kuti Fainala aone. "Ndipo womasulira anasainanso, kutsimikiza kuti anthu anamva funso. Mumamudziwa ameneyu? Ngati anamasulira molakwa, pamenepo tili ndi pogwira."

Fainala anayang'ana pansi pa tsambalo. Dzina linali lolembedwa bwino, chilembo choyamba chili ndi kamchira kopindika kamene anaphunzira ku Nkhamenya, kamene ankanyadira nako pa makope ake onse.

"Ndine."

Mayi Modester anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi.

"Simunamve funso?"

"Ndinamva."

"Simumadziwa za kathengoko?"

"Ndimadziwa. Panali alamu anga. Panali amuna okhaokha."

Mayiyo anapumira m'mwamba. Sanamukalipire. Anatseka fayilo mofatsa ngati muli china chogona.

"Kwathu ku Mchinji timachitanso chimodzimodzi," anatero. "Fomu iyi anailemba anthu oganiza kuti manda onse ali ndi mitanda. Koma ndisakunamizeni, mwana wanga. Mukanatchula tsiku limene lija, waya ukanakhota. Pa nthawi imeneyo kampani imavomera chilichonse kuti ipeze chilolezo. Kwina unakhota chifukwa cha chitsime chabe."

Analemba kalata pomwepo, Fainala akuona, yopempha kuti ntchito ya ku dambo iime mpaka oyendera malo atafika. Anati kalatayo iyenera kusainidwa ndi bwana wake, ipite ku Lilongwe, ibwerere. Anati galimoto ya ofesi ili pa mzere wa mafuta kuyambira Lachisanu. Anamupatsa chidutswa cha chinangwa choti adye m'njira.

Madzulo ake Fainala anafotokozera Petros zonse, ngakhale za kamchira ka chilembo. Petros anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndiuze pamene ali," anatero.

Fainala anayang'ana kwa apongozi ake, amene ankasenda nandolo pa mphasa.

"Muuzeni," anatero a Lefina. "Mwambo wake unatha tsiku limene anaika waya."

"Pali chitimbe cha nthambi ziwiri, chokhala ngati legeni. Kuchokera pamenepo mapazi asanu kulowera ku dambo, pamene dothi layamba kuda. Ndi makande, akuda bii. Pali mwala wosongoka."

Petros anabwereza mawuwo kawiri, ngati mwana woloweza phunziro.

"Tikafika pamenepo ndidzakhala kutsogolo," anatero. "Ndidzaona chochita."

Sanafike. Kapitawo anatopa ndi nkhwangwa zobuntha. Lachitatu la sabata yomweyo gulu lonse la pamudzi linatumizidwa kukatsitsa simenti ku mbali ina ya zoni, ndipo ku dambo kunapita anthu obwera pa lole ndi macheka a injini. Pofika masana kathengo kanali katagona. Lachinayi kunabwera katapila.

Amayi anamva kulira kwake ali ku nazale. Anasiya makeni m'mabedi n'kuyenda motsatana m'mphepete mwa waya mpaka pamene dambo limaonekera. Analipo khumi ndi anayi. Ena Fainala sankadziwa n'komwe kuti ali ndi chawo m'menemo. Amake Dorika, okalamba, anabwera ndi ndodo. Anaima onse, zala zili mu waya.

Katapila inazula zitsa n'kuzikankhira pamulu. Kenaka inapita kumtunda, n'kuyamba kukankha dothi lofiira la katondo kutsikira nalo kumunsi, kuti pamalo potsikapo pafanane ndi pena ponse. Inapita, inabwera, inapita, inabwera. Fainala anayesetsa kusunga ndi maso pamene panali chitimbe cha nthambi ziwiri, koma fumbi litadutsa kachitatu sanathenso kunena. Kuda konse kwa makande kunakwiririka. Panatsala bwalo lofiira, losalala, lalikulu ngati la mpira.

Palibe analira. Nthayo salira. Woyendetsa katapila anawaona, anawakwezera dzanja mwansangala, ndipo mayi mmodzi, mwachizolowezi, anakweza lake.

Lachisanu Petros anachedwa kufika. Dzuwa linali litatsamira pa bulugama pamene Fainala anamuona akubwera m'njira ya ku mjigo, akuyenda ngati munthu wa minga kumapazi onse awiri. Anafika pa khonde, anakhala pansi, thukuta lili chuchuchu.

"Bweretsani kansalu koyera," anatero. "Muitanenso amayi."

A Lefina atafika, Petros anagwira jombo ya kumanja n'kuivula pang'onopang'ono. Phazi linatuluka lofiira, zala zitatupa, chidendene chitasupuka. Anapendeketsa jomboyo pa kansalu, ndipo munatuluka dothi. Anavula inayo, munatulukanso lina. Lonse pamodzi likanadzaza mbale ya ndiwo.

"Pa geti amasecha m'matumba ndi m'zikwama," anatero. "Mpaka m'chipewa. Koma jombo savulitsa, akuti zimanunkha." Anayesa kuseka. "Mawa athira konkire. Ndinapempha kupita kuthengo nthawi ya nkhomaliro. Chitimbe kulibe, mwala kulibe. Koma Lachiwiri ndinali nditachiona chitimbecho patali, chinali moyang'anana ndi mzati wachisanu ndi chinayi wa waya. Ndiye ndinawerenga mizati, ndinayeza mapazi asanu kulowera ku dambo. Ndinakumba ndi manja mpaka m'chigongono. Mlonda atayamba kubwera ndinanamizira kumanga jombo."

Anayang'ana mkazi wake. M'maso mwake munalibe mkwiyo uja wa masabata atatu.

"Ndi pomwepo, eti? Sindinaphonye?"

Fainala anagwada pafupi ndi kansalu. Anatapa dothilo pang'ono n'kulifikisa pakati pa zala. Linali lofiira, louma, lopanda ngakhale kachidutswa kakuda. Linali katondo wa kumtunda, wa m'munda umene kale munkalimidwa chimanga cha mwini esiteti. Makande anali pansi penipeni, pamene dzanja la munthu silikanafika.

Anamva mawu akukwera pakhosi. Anadziwa kuti apongozi ake nawonso aliona dothilo, pakuti maso awo anali pa zala zakezo. Anayang'ana mapazi a mwamuna wake, magazi atasakanikirana ndi fumbi pa chidendene.

"Ndi pomwepo," anatero.

Petros anatseka maso n'kutsamira khoma.

A Lefina anamuyang'ana mpongozi wawo kanthawi. Kenaka anawerama, anasonkhanitsa ngodya zinayi za kansalu, anamanga mfundo, n'kukanyamula ndi manja awiri monga anachitira chaka chatha m'nyengo yozizira.

"Mawa m'mawa amayi okhaokha," anatero. "Iwe Petros usafunse kumene tikupita."

Kalata ya ku boma inafika patapita masiku khumi ndi awiri, itapindidwa m'thumba la wakabaza. Inati oyendera malo adzabwera pa 28, ndipo anthu okhudzidwa adzakhale okonzeka kuloza malo enieni. Panthawiyo n'kuti zitsulo za shedi zitaima kale pa konkire. Fainala anaiwerenga ali pa mjigo, anaipinda bwinobwino, n'kuilowetsa mu bulauzi. Amake Dorika anamufunsa kuti pepalalo likuti chiyani, popeza iye ndiye wa Chingerezi.

Ulendo uno anawamasulira zonse, liwu ndi liwu, osasiyako kanthu.